Laravel, React, MVC: anyamata a makompyuta amakangana chiyani kwenikweni?

Mtedza utangoyamba kuuma, komiti ya kopaletivi ina ya alimi kuno ku Chipata inaitana anyamata awiri olemba mapulogalamu a pakompyuta. Mabuku a makalaliki a kumadepoti a Chadiza, Vubwi ndi Katete ankachedwa kufika ku ofesi, ena ankafika atanyowa, ndipo mlimi akabwera kudzadandaula kuti matumba ake awiri sanalipidwe, pankatha sabata akufunafuna tsamba. Ankafuna pulogalamu ya pa intaneti yoti kalaliki azilembamo pafoni, a ku ofesi n'kumaona nthawi yomweyo.

Woyamba anati adzamanga ndi Laravel, potsata MVC. Wachiwiri anati zimenezo n'zachikale, iye adzamanga ndi React. Mitengo yawo inasiyananso. Amayi osunga chuma, omwe anali chete nthawi yonseyi, anavula magalasi n'kufunsa kuti, "Ana anga, ife tapempha chinthu chimodzi. Nanga ziwirizi zachokera kuti?" Anyamatawo anayang'anana. Ine ndinali pomwepo, ndipo funsolo ndi lomwe landilembetsa nkhaniyi, chifukwa masukulu, zipatala zing'onozing'ono, malo ogona alendo ku Mfuwe ndi eni masitolo a ku Down Shops akukumana nalo lomweli.

Tsamba wamba ndi pulogalamu ya mu browser

Webusayiti yoyamba, imene Tim Berners-Lee anaitsegulira anthu onse mu 1991 ali ku CERN, malo ofufuzira za sayansi kufupi ndi Geneva, inali ngati chidziwitso chomata pakhoma la ofesi ya boma. Umawerenga basi. Ukadina penapake, tsamba lonse limachoka, kompyuta yakutali yotchedwa seva n'kutumiza lina lathunthu.

Mu 1995 Brendan Eich wa ku Netscape anapanga JavaScript, chilankhulo chimene chimagwira ntchito m'kati mwa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome), pa foni kapena kompyuta ya munthu mwiniyo. Kwa zaka zambiri anthu ankachiona ngati chokongoletsera masamba. Amene ankafuna zinthu zamoyo, zoyendayenda, ankadalira Flash, pulogalamu yoonjezera mu browser, ndipo ndi kampani ya Flash, Macromedia, imene inatchukitsa mawu oti "rich Internet application" mu 2002. Kenako kunabwera Gmail mu 2004 ndi Google Maps mu 2005. Munthu ankakoka mapu ndi mbewa ya kompyuta, mapuwo n'kumabwera okha popanda tsamba kuphethira. Mu Febuluwale 2005 Jesse James Garrett anaipatsa njira imeneyi dzina loti Ajax: tsamba limakhala pomwepo, n'kumatuma kamthenga kuseri kukatenga kachidutswa kokhako kamene kakufunika.

Choncho akamati pulogalamu ndi "rich", sakunena za ndalama. Akunena tsamba lochita zinthu ngati pulogalamu yeniyeni: ukalemba kulemera kwa thumba, ndalama za mlimi zikuwerengeka pomwepo, ukalakwitsa nambala ya NRC, likukuchenjeza usanatumize. Flash nayo inatha. Adobe inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020, Silverlight ya Microsoft, yofanana nayo, inatsatira mu 2021, ndipo amene anamanga nazo anayambiranso.

Pulani, chikombole ndi mpeni womangira

Pamsonkhano uja anyamatawo sankakangana pa chinthu chimodzi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timasokonezekera. MVC, Laravel ndi React si abale a mimba imodzi.

MVC, chidule cha Model-View-Controller, ndi kamangidwe, kamene akatswiri amati architectural pattern. Ndi pulani ya nyumba: khitchini apa, zipinda uko, chimbudzi chisayang'anane ndi podyera. Pulani siigwirika ngati njerwa, ndipo pulani yomweyo mukhoza kumangira njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti.

Laravel ndi framework. Iyi ili ngati chikombole pamodzi ndi mafelemu a zitseko ogula kale. Ntchito imafulumira, koma kukula kwa njerwa wakusankhirani ndi mwini chikombole. Mukafuna khomo lokhota, mulimbana nacho.

React, malinga ndi eni ake, ndi library, chida cha ntchito imodzi ngati mpeni womangira. Ntchito yake ndi kujambula zooneka pa sikirini. Zosunga mbiri ya alimi, zolowera ndi pasiwedi, zosuntha kuchoka patsamba lina kupita lina, mmisiri amakasankha yekha kwina. Kusiyana kwake amisiri amakufotokoza motere: library umaiitana iwe ukaifuna, pamene framework ndi imene imakuitana iweyo kuti udzadzaze malo amene yakusiyira. Ndipo si zachilendo kupeza pulogalamu imodzi yokhala ndi Laravel ku seva ndi React ku foni. Anyamata aja akanatha kugwira ntchito limodzi.

MVC: buku, lisiti ndi kalaliki

Kamangidwe aka n'kakale kuposa webusayiti imene. Anakaganiza ndi Trygve Reenskaug wa ku Norway, ali ku Xerox PARC ku California m'zaka za 1978 ndi 1979, pogwira ntchito ndi chilankhulo cha Smalltalk. Mfundo yake inali yoti pulogalamu igawidwe patatu, gawo lililonse lidziwe ntchito yake.

Taganizirani depoti pa tsiku logula. Pali buku lalikulu mmene muli mayina a alimi, matumba awo, ngongole ya mbewu imene anatenga, ndi lamulo lakuti mtedza wonyowa sulandiridwa. Limenelo ndi Model: choonadi ndi malamulo ake. Pali lisiti limene mlimi amapita nalo kunyumba, ndi bolodi la mitengo lili pakhomo. Zimenezo ndi View: zoonetsa chabe, sizisankha kanthu. Ndiye pali kalaliki wakhala pakati, amene amamva pempho la mlimi, kutsegula buku, kulembamo, n'kung'amba lisiti. Ameneyo ndi Controller.

Phindu lake limaoneka tsiku losintha zinthu. Komiti ikakweza mtengo wa soya, mumakonza pamalo amodzi, m'buku. A wapampando akafuna kuti lisiti likhale ndi chidindo cha kopaletivi, mumakonza lisiti, buku osalikhudza. Pulogalamu yosagawidwa chonchi ili ngati kalaliki wolemba mitengo pachikhatho: zimayenda mpaka tsiku limene wadwala.

Framework ya Ruby on Rails ya David Heinemeier Hansson ndiyo inafalitsa MVC pa intaneti mu 2004. Django, imene inabadwira ku nyuzipepala ina ya mumzinda wa Lawrence ku Kansas, inatuluka mu 2005, ngakhale iyo imatcha magawo ake Model, Template ndi View. Laravel ya Taylor Otwell, yolembedwa m'chilankhulo cha PHP, inabwera mu 2011. M'zonsezi kalaliki ndi buku amakhala ku seva, foni imangolandira lisiti.

Chodandaulitsa cha MVC n'chakuti kalaliki amanenepa. Chilichonse chosowa malo amisiri amachiponya mu Controller, mpaka fayilo imodzi imafika mizere zikwi zingapo imene palibe wofuna kuigwira. Komanso dzinali aliyense amalitanthauzira mwake, moti amisiri awiri akhoza kunena kuti "MVC" akuganiza zinthu zosiyana.

MVP ndi MVVM

Awa ndi ana a MVC. MVP (Model-View-Presenter) inachokera ku kampani ya Taligent m'zaka za m'ma 1990, ndipo masiku ano siimveka kwambiri pa nkhani za webusayiti. MVVM (Model-View-ViewModel), imene John Gossman wa ku Microsoft anailongosola mu 2005, ndiyo inasiya chizindikiro. Chachikulu chake ndi kumangirira chooneka pa sikirini ku nambala ya m'kati, ngati sikelo yamagetsi: ukaika thumba nambala isintha yokha, palibe wolemba ndi choko. Kumangiriraku kumayenda mbali zonse ziwiri. Ukasintha pa sikirini m'kati musintha, m'kati mukasintha sikirini itsatira.

Zida za JavaScript zotchedwa Knockout ndi AngularJS ya Google, zonse za 2010, zinabweretsa zimenezi mu browser, ndipo pa mafomu zinali zokoma zedi. Vuto linkabwera pulogalamu ikakula. Ichi chasintha icho, icho chasintha china, chinacho chabwerera kudzasintha choyamba, ndipo nambala ikalakwika palibe wodziwa amene wayambitsa.

Zidutswa, ndi bokosi la maloko atatu

React inatulutsidwa ndi Facebook mu 2013, ndipo inagawa ntchito mwanjira ina. M'malo mogawa buku, lisiti ndi kalaliki, inagawa sikirini m'zidutswa zotchedwa components, chilichonse chili ndi maonekedwe ndi khalidwe lake. Kuno kwathu kumene njinga zimanyamula anthu ndi katundu tsiku lonse, izi sizovuta kumva. Tcheni, chishalo, mapedulo, keriyala: wokonza njinga pa Kapata amachotsa chimodzi n'kuikapo china osaphwasula njinga yonse. Kabokosi kofufuzira dzina la mlimi mumakapanga kamodzi, n'kukaika pa tsamba logulira, la ngongole ndi la malipiro. Vue ya Evan You ya 2014, Angular yatsopano ya 2016 ndi Svelte ya Rich Harris ya 2016 zonse zimayendera zidutswa, ngakhale m'kati zimasiyana.

Koma zidutswa zikachuluka, funso limabuka: choonadi chikukhala kuti? Amisiri amachitcha state, kutanthauza mmene zinthu zilili pa mphindi ino. Facebook yomwe inavutika nazo. Kachizindikiro kapamwamba kankaonetsa kuti uli ndi uthenga watsopano, ukatsegula osapezamo kanthu, chifukwa zidutswa zosiyana zinkasunga chiwerengero chakechake. Mapanga awiri avumbwitsa. Mu 2014 anafotokoza kamangidwe kotchedwa Flux, ndipo mu 2015 Dan Abramov ndi Andrew Clark anatulutsa library yotchedwa Redux pa mfundo yomweyo.

Amene analowapo m'gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama akudziwa kale mmene imayendera. Ndalama zili m'bokosi limodzi la maloko atatu. Palibe amene amatsegula yekha usiku. Wofuna ngongole amanena pamsonkhano, mlembi amalemba, bokosi limatsegulidwa onse akuona, kenako aliyense amamva ndalama zotsala. Njira ndi imodzi, yolowera kumodzi, ndipo ndalama ikasowa mumabwerera m'buku mzere ndi mzere. Koma taganizani kuitanitsa msonkhano wotere pofuna kugula machesi. Abramov mwiniwake analembapo kuti mapulogalamu ambiri safunikira Redux. Pa kapulogalamu ka mafomu asanu, mwambowo umaposa ntchito.

Nsima ikuphikidwa kuti?

Kwa ine, apa ndi pamene panali mkangano weniweni wa anyamata aja, ngakhale sanautchule.

Njira yoyamba, seva imaphika tsamba lonse n'kutumiza lakupsa. Zili ngati kudya pa lesitilanti: wapempha, mbale yabwera, wadya. Foni siigwira ntchito yambiri, ndiye ngakhale ka itel kakale kamakwanitsa. Koma mbale iliyonse ndi ulendo wopita ku seva, ndipo netiweki ikathawa palibe chobwera.

Njira yachiwiri ndi single-page application. Ulendo woyamba foni imalandira mbaula, mphika ndi mthiko, kutanthauza JavaScript yonse ya pulogalamuyo. Kuyambira apo seva imangotumiza ufa, foni n'kumaphika yokha. Zikakhazikika zimathamanga bwino, ndipo ufa womwewo, wodutsa pakhomo lotchedwa API, ukhoza kudyetsanso pulogalamu ya Android mukadzaifuna. Koma katundu woyambayo ndi wolemera. Amadya bandulo, ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti akafika foni iyenera kumuwerenga ndi kumuyendetsa. Pa laputopu ya mmisiri ku Lusaka zimatenga kamphindi. Pa foni yotchipa ya kalaliki, yodzaza zithunzi za pa WhatsApp, sikirini imakhala yoyera mlimi ataima ndi njinga yake padzuwa. Ndinaonapo kalaliki wina akukweza foni m'mwamba pafupi ndi mtengo wa mango, akuganiza kuti vuto ndi netiweki, chonsecho foniyo inali italandira kale zonse, ikungolephera kutafuna.

Walira mvula walira matope: pulogalamu yotere imakhala mapulogalamu awiri, ya ku seva ndi ya ku foni, ndipo malamulo ena, monga loletsa kulemba kulemera kopanda nzeru, amalembedwa kawiri. La ku seva silingasiyidwe, chifukwa zili pafoni munthu wochenjera akhoza kuzilambalala.

Zaka zapitazi mbali ziwirizi zakhala zikuyandikirana. Next.js, framework yomangidwa pa React imene inayamba mu 2016, imaphika mbale yoyamba ku seva kuti munthu aone kanthu msanga, mbaula ikubwera pambuyo. Pamakhala kanthawi kamene batani likuoneka koma ukalidina silikuyankha. Kuchokera mbali inayo, Livewire ya Laravel, Hotwire ya Rails ndi htmx, zomwe zinatchuka cha m'ma 2019 ndi 2020, zimaphikabe ku seva koma zimatumiza kachidutswa kokha kosintha, moti tsamba limaoneka lamoyo ndi JavaScript yochepa. Choncho mawu oti njira ya seva ndi yachikale si oona kwenikweni, monganso si zoona kuti React ndi fashoni chabe.

Netiweki ikathawa

Ku Vubwi kapena m'midzi ya kuseri kwa Chadiza funso ili likhoza kuposa ena onse. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka patsiku, ndipo netiweki nayo inkavutika ngakhale m'tauni.

Pulogalamu ya mu browser ikhoza kugwira ntchito popanda intaneti. Alex Russell ndi Frances Berriman anazipatsa dzina loti progressive web app mu 2015. Kapulogalamu kotchedwa service worker kamasunga masamba m'foni, zolembedwa zimasungidwa m'nkhokwe ya browser yotchedwa IndexedDB, netiweki ikabwera zonse zimakwera ku seva. Izi zimafuna kuti kuphika kuchitikire pafoni, ndiye apa njira yachiwiri ija ili ndi mphamvu imene Livewire ndi htmx zilibe, popeza izo zimafunsa seva pafupifupi pa chilichonse.

Kusunga sikovuta. Chovuta ndi kugwirizanitsa. Mlimi ali ndi ngongole ya mbewu. Lolemba wagulitsa ku depoti ina, kalaliki wadula ngongoleyo, foni ilibe netiweki. Lachiwiri wagulitsa ku depoti ina, kalaliki wa kumeneko akuona ngongole ikadalipo, wadulanso. Lachitatu mafoni onse alumikizika. Cholondola ndi chiti? Palibe framework imene ingayankhe zimenezi, ili ndi lamulo loti komiti ikhale pansi igwirizane, mmisiri angolilemba. DHIS2, pulogalamu ya ku University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo kuno umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti a zipatala, ili ndi mbali ya mu browser komanso pulogalamu yapadera ya Android yolembera kumene kulibe netiweki. Imeneyonso ndi njira ina yotseguka.

Adzakonza ndani?

AngularJS inali yotchuka kwambiri, kumbuyo kwake kuli Google. Mu 2016 Google inatulutsa Angular yolembedwanso kuyambira pansi, m'chilankhulo cha TypeScript, yosagwirizana ndi yakale, ndipo kumapeto kwa 2021 inasiya kusamalira yakaleyo. Kukhala ndi kampani yaikulu kumbuyo kumathandiza, koma si lonjezo. Vue ilibe kampani yaikulu yoilamulira, ndipo nayonso kuchoka pa Vue 2 kupita pa Vue 3 kunatopetsa ambiri.

Palinso nkhani ya katundu wobwereka. Pulogalamu ya JavaScript ya masiku ano imatsamira pa timapulogalamu mazanamazana tolembedwa ndi anthu osawadziwa. Mu Malichi 2016 munthu wina anachotsa pa npm, nkhokwe imene amisiri amatengako timapulogalamu totere, kapulogalamu kake ka mizere 11 kotchedwa left-pad, ndipo mapulojekiti ambirimbiri padziko lonse analephera kumangika kwa maola angapo. Framework yokhala ndi zambiri m'kati mwake, monga Django, Laravel kapena Angular, imachepetsa zosankha ndi zobwereka. React imapereka ufulu, ndipo amisiri awiri a React akhoza kumanga mosiyana kotheratu moti wachiwiri amavutika kulowa m'ntchito ya woyamba.

Ndiye pali mtunda. Kuchokera kuno kukafika ku Lusaka, kumene kuli amisiri ambiri ndi malo othandizira a zamakompyuta ngati BongoHive, ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road. Mnyamata waluso akapeza ntchito kumeneko sabwerera msanga. Amayi osunga chuma aja anafika pamenepa okha, osadziwa dzina la framework ngakhale imodzi. Anafunsa wa React uja kuti, "Iwe mwanawe, ukadzapita ku Lusaka, ichi tidzasiyira ndani?" Iye anayankha mwaulemu kuti, "Amayi, odziwa React ndi ambiri." Wa Laravel anati odziwa PHP ndi ambirinso, ndipo malo oikapo pulogalamu ya PHP ndi otchipa. Onse ananena zoona.

Zomwe zikadali pa mkangano

Akatswiri okhaokha sanagwirizane ngati kusamutsira ntchito yambiri ku foni kunali kupita patsogolo kapena kulambalala. React yomwe yayamba kubwezera zidutswa zina ku seva kudzera mu Server Components. Ena akuti uku ndi kukhwima, ena akuti ndi kubwerera ku zomwe PHP inkachita kale koma movutirapo.

Sizinathekenso kugwirizana ngati mayina akalewa, MVC ndi MVVM, akufotokozabe mapulogalamu a lero, kapena angotsala m'mabuku a m'kalasi ndi m'mafunso a pofunsira ntchito.

Pali funso la pulogalamu ya mu browser ndi ya pa Play Store: kwa kalaliki wa kumudzi, ndi iti imene imasunga zolembedwa mokhulupirika foni ikadzaza? Nanga mlimi wa kafoni ka mabatani, amene amadziwa USSD ya mobile money yokha, alowa pakhomo liti?

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021, Data Protection Act, limakhudza aliyense wosunga mayina ndi manambala a NRC a anthu, ndipo lili ndi mfundo zokhudza kusunga ndi kutumiza zinthu zotere kunja kwa dziko. Seva ikakhala ku Johannesburg kapena ku Frankfurt, ndiponso mbiri ya alimi ikamagona m'mafoni a makalaliki amene akhoza kubedwa pa basi, udindo uli pa yani?

Ndipo tsopano kwabwera mapulogalamu a AI olemba code. Amalemba bwino kwambiri m'zida zotchuka, chifukwa ndi zimene anaphunzirapo zambiri. Kodi zimenezi zidzachititsa kuti aliyense athamangire ku framework imodzi, kapena zidzapeputsa kusamuka kuchoka ku ina kupita ku ina moti kusankhako sikudzakhalanso kolemera?

Komiti ija sinasankhe tsiku lomwelo. Inatuma anyamata onse awiri kuti akwere limodzi kupita ku depoti ya ku Vubwi, aliyense ndi kafomu kamodzi kolembera thumba, akayesere pa foni ya kalaliki wa kumeneko.